Matope a m'Damu Lachitatu

Nkhani iyi ku Mtsekwe saikamba pabwalo. Imatuluka amayi akakhala paokha, manja ali pa chimanga akutongola, amuna atapita kukaonera mpira. Ndiye ngati pano pali mwamuna, amve ngati sakumva.

Mtsekwe ndi kamsika ka m'mbali mwa msewu wafumbi. Pali magolosale asanu, chigayo, chipatala chaching'ono ndi sekondale ya atsikana yogonera komweko. Kunsi kwa zonsezi kuli dambo, ndipo m'dambomo mumachokera kamtsinje ka Kamnjiri, komwe midzi inayi imatunga madzi mjigo ukafa. Mjigowo umafa pafupipafupi. Kale madzi oipa a kuchipatala ndi a kusukulu, a m'zimbudzi ndi m'mabafa omwe, ankangotsetsereka m'ngalande n'kukathera m'dambomo. Chaka china mvula itachuluka, matenda a kolera anatenga anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi m'masabata atatu. Mmodzi mwa iwo anali mwamuna wa Felesiya Nankhwazi.

Patapita zaka ziwiri kunabwera a bungwe lina kudzakonza madamu atatu m'dambomo, n'kuwazinga ndi mpanda wa waya. Madzi oipa amabwera m'paipi, amadutsa pa sefa yachitsulo, n'kugona m'damu loyamba, lakuda ndi lonunkha. Akatero amasefukira m'lachiwiri, lobiriwira ndi ndere, kenaka m'lachitatu, lodzaza bango, m'mene amatuluka ali mbee. Chikhazikitsireni madamuwo, kolera sinabwerenso ku Mtsekwe. Zimenezo palibe amatsutsa, ngakhale amene madamuwo sawakonda.

Ntchito yowasamala inagwera Felesiya, poti amuna amene anafunsidwa anati fungo lake silogona nalo. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri, m'mawa uliwonse, ankavala majombo, kutsegula loko wa pageti, n'kupala sefa ndi leki: nsanza, mapepala, thonje, zina zosatchulika. Msana unapindika, mphuno zinafa, ndipo kutchalitchi amayi anzake ankasiya kampata pabenchi.

Asanayambe ntchito yokonza madamuwo, injiniya wa bungwe lija anachita zoyenera. Anaitanitsa msonkhano, n'kufunsa ngati m'dambomo muli manda, kachisi kapena dambwe. Amuna anayankha zoona zimene ankadziwa: manda ali kumsitu, dambwe lili kutsidya. Amayi anali pomwepo, atakhala pansi kumbali, miyendo ili tambalale. Palibe anatsegula pakamwa.

Akanayamba bwanji? Ku Mtsekwe mwana akabadwa wakufa, kapena akapita mchombo usanagwe, si maliro. Amati nthayo. Salira, sapatsa dzina, sakhoma bokosi. Amayi awiri kapena atatu amamukulunga m'kansalu, n'kutsika naye kudambo dzuwa lili paliwombo, anthu atabisala m'mithunzi. Amakumba pang'ono chabe, ndi manja ndi kamtengo, poti kukumba mozama n'kutseka mimba ya mayi wake. Malowo mwamuna sauzidwa, ngakhale bambo wa mwanayo. Tsono tsiku lija mayi aliyense anayang'ana mnzake kuti ayambe ndiye, ndipo aliyense anali ataikapo m'bale wake wa kolera. Madamu awiri oyamba anagwera pambali. Lachitatu silinakumbidwe konse: anangozinga malo otsika, omwewo amene amayi ankaikamo ana, ndi mtumbira wa dothi, n'kudzalamo bango. Ana anatsala pansi pomwepo, madzi akuyenda pamwamba pawo. Mmodzi mwa iwo anali mwana woyamba wa Felesiya.

Chaka chimene tikukamba, mu Okutobala, a Gwedeza, mlangizi wa zaumoyo, anatsikira kumadamu ndi kabotolo. Anatunga madzi potulukira, n'kukweza kabotoloko kudzuwa.

"Anankhwazi, taonani. Awa ndi madzi kapena thobwa?"

"Muwalawe, alangizi, mutiuze."

A Gwedeza anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wapalasa njinga midzi isanu. Kenaka analowetsa ndodo m'damu lachitatu. Inamira m'matope mpaka m'bondo.

"Ladzaza ili. Madzi akungodutsa, sakugona. Mvula ikatipeza chonchi, zonsezi zikathera ku Kamnjiri. Ndapeza amuna makumi awiri, makasu ndi mafosholo. Lolemba la sabata ya mkuja alowa, apale mpaka pa nthaka yolimba."

Felesiya anayang'ana bango. "Mpaka pa nthaka yolimba," anabwereza.

"Eya. Bwanji?"

"Ayi, palibe."

Choyamba chinali achule. Damu lachitatu linali lawo. Madzulo ankalira mpaka atsikana a kusukulu kudandaula kuti akulephera kuwerenga. M'mawa wotsatira kubwera kwa a Gwedeza, Felesiya anafika n'kumva kuti china chake chasowa, monga mmene umamvera chigayo chikazima. Kudamu lachiwiri achule ankalumphira m'madzi iye akamadutsa. Kulachitatu kunali zii. Anati mwina n'kutentha.

Chachiwiri chinali leki. Ankaisiya atayedzamitsa pasefa masiku onse. Lachinayi anaipeza ili kutali, itagona pamtumbira wa damu lachitatu, ndipo panthaka panali mzere wosonyeza kuti inachita kukokedwa, pang'onopang'ono, mopumira. Loko anali wokiya monga anamusiyira. Mpini wa leki unali ndi matope kunsonga kwenikweni, timadontho tating'ono tondondozana. Felesiya anatipukuta ndi udzu osatiyang'anitsitsa.

Kenaka kuchipatala kunabuka mkangano. Matewera ankasowa pachingwe cha kuseri kwa chipinda cha amayi oyembekezera. Anesi ankaloza odikirira odwala, odikirira odwala ankalozana okhaokha, ndipo mayi wina wa kutsidya anatukwana mpaka mawu kumuthera. Felesiya anamva phokosolo akudutsa. Atafika kumadamu anawapeza matewerawo. Anali m'kati mwa bango, asanu ndi awiri, oyalidwa bwinobwino pamatope. Sakanadzera m'paipi, poti sefa sakanaidutsa, ndipo anali oyera. Pakati pa thewera lililonse panali polowa pang'ono, ngati pamene pagona chinthu chopepuka. Anatambasula dzanja n'kukhudza limodzi. Bango linali litatchinga dzuwa, koma nsaluyo inali yofunda.

Anawasiya momwemo. Usiku umenewo sanadye, ndipo mwana wake wamkazi atafunsa, anati mutu.

Loweruka masana, dzuwa lili paliwombo, anamva kaphokoso kupaipi yotulukira madzi. Tsopu, tsopu, tsopu. Kenaka kupuma. Kenaka tsopu, tsopu. Mayi aliyense amene anayamwitsapo amakadziwa kaphokoso kameneko. Felesiya anadziuza kuti ndi mpweya m'paipi, poti injiniya anaphunzitsa kuti paipi imatero madzi akachepa. Anatenga chisaka n'kutseka paipiyo kolimba. Madzi anaima. Kaphokoso kaja kanangosendera m'kati mwa bango, n'kupitiriza.

Felesiya anakiya geti, n'kukwera kumsewu. Msewu unali mbee, opanda ngakhale galu. Pamphambano ya kanjira ka kumadamu panaima mayi wina wosamudziwa, wamtali, wopanda nsapato. Anali atamanga nsalu pachifuwa monga amamangira wobereka mwana, koma kumsana kwake nsaluyo inali phwa.

"Zikomo mayi," anatero mlendoyo, mawu ake otsika. "Dambo lija analitsekera m'waya?"

"Eya, papita zaka. Mukufuna ndani?"

"Ndimati ndione ngati wafunda. Ndamva kuti akufuna kumuvundukula."

Felesiya anawerama kukonza jombo limene silinavuke, pofuna kuchotsa maso pa nkhope ija. Mapazi a mlendoyo anali onyowa, pamsewu umene sunaone mvula miyezi isanu ndi umodzi. Felesiya anadutsa osatembenuka, ndipo kumbuyo kwake sanamve mapazi opita kulikonse.

Anapita molunjika kumsika, kwa Anagama. Anagama anali mzamba kale, azamba a m'midzi asanaletsedwe. Tsopano ankagulitsa tomato ndi fodya wopera, mawondo atatupa ngati maungu.

"Wabwera ndi fungo lako kudzandithamangitsira makasitomala," anatero Anagama.

"Makasitomala ake ati, mayi? Ntchentchezi?"

"Khala pansi, nkhope yako yachita ngati phulusa."

Felesiya anakhala pafupi, n'kunong'ona zonse: achule, leki, matewera, amuna makumi awiri a Lolemba. Atafika pa mlendo uja, Anagama anafunsa kuti anali wotani.

"Wamtali. Mphini zitatu apa pachipumi. Mano akutsogolo osema, ngati a anthu akale."

Anagama anali atatsina fodya, koma sanamufikitse pamphuno. Anamubwezera m'kabotolo.

"Ameneyo usadzamuyankhenso."

"Mukumudziwa?"

"Ndati usadzamuyankhenso."

Mayi wina anabwera kudzasankha tomato, n'kunyoza kuti ngofewa, n'kuchoka.

"Tinalakwa tsiku lija," anatero Felesiya. "Tikananena."

"Tikananena, akanapita nawo madamu awo kwina, ife n'kumamwabe zam'chimbudzi. Amuna ako ukanawadzutsa? Iwe, usandidwalitse mutu. Sitinalakwe, sitinakhozenso. Tinali otopa basi." Anagama anasisita bondo. "Anawo madzi sawaopa. Anachokera m'madzi, tinawabwezera m'madzi. Zaka zonsezi zonyansa zikuwadutsa pamwamba, unawamvapo akudandaula? Chimene akukana ndi khasu, ndi maso a mwamuna."

"Nanga titani? Damulo likapanda kupalidwa, mvula ibwera."

"Ukundifunsa ine? Makiyi ali m'chiuno mwakomo."

Lamulungu Felesiya anakhala m'tchalitchi osamva ulaliki. Ankaona mbali ziwiri, ndipo zonse zinali zake. Mbali ina ankaona fosholo ikulowa m'matope, mnyamata woledzera akuseka, akuponya pa wilibala chimene iye sanaloledwe n'kuchilira komwe. Mbali ina ankaona tenti ya kolera, mabedi oboola pakati, ndi zidzukulu zake ziwiri zimene zimasamba ku Kamnjiri ngakhale uzikalipire motani.

Atatuluka anapita kunyumba kwa a Gwedeza. Anawapeza pakhonde akumata tayala la njinga.

"Alangizi, amuna aja muwauze asabwere. Tipala ife amayi."

A Gwedeza anaseka. "Amayi? Matope ofika m'bondo? Anankhwazi, kodi dzuwa lakuwombani?"

"Tipala ndi manja ndi mabeseni. Khasu silowa. Ndipo masiku amenewo mwamuna asatsike kudambo, ngakhale inu."

Kuseka kunatha. Anaika tayala pansi.

"Mayi, ine sindimakana miyambo. Koma amuna anu ndinawakulunga m'pulasitiki ndi manja angawa, inu muli kuseri kwa chingwe. Sindikufuna kukulunganso munthu. Mukandiuza chifukwa, mwina ndimva."

"Sindingakuuzeni."

"Ndiye ndivomera bwanji chinthu chimene sindikuchidziwa?"

Felesiya anaponya maso kukhomo. Pakhomo la nyumba panali pataima akazi a Gwedeza, mbale ili m'manja, ndipo mbaleyo inali itasiya kupukutidwa. A Gwedeza anatsatira maso a Felesiya, n'kuona nkhope ya akazi awo. Anayang'ana nthawi yaitali. Panali chaka china, ana awo awiri asanabadwe, pamene akazi awo anapita kwa azamba ali ndi pakati n'kubwerako manja lende, ndipo iwo anangouzidwa kuti madzi atayika.

"Kodi ndi kumene..." anayamba, koma sanamalize. Akazi awo analowa m'nyumba.

A Gwedeza anatola tayala lija, n'kulitembenuza, n'kuliikanso pansi. Atalankhula, mawu awo anali a ntchito.

"Ndikatseka paipi ya damu lachiwiri, limasunga madzi masiku asanu ndi limodzi basi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri lisefukira. Mukalephera, amuna alowa, ndipo musadzandide. Aliyense avale majombo ndi magolovesi, ndikabwereka kuchipatala ndi kusukulu. Potuluka asambe m'manja ndi kolorini. Pamenepo sindinyengerera munthu, kaya ndi mwambo kaya si mwambo."

"Tamva, alangizi."

"Matopewo muwaunjike kumtunda, m'kati mwa mpanda, kumene madzi a mvula safika." Anatembenukira kukhomo kumene analowera akazi awo. "Muwaike bwino."

Felesiya ankayembekeza amayi khumi. Sanalengeze paliponse, anangouza Anagama, ndipo Anagama anangouza awiri. Koma tsiku loyamba, madzi ataphwa, dzuwa litafika pamutu, kanjira ka kumadamu kanadzaza. Anabwera amayi oposa makumi anayi, aliyense ndi beseni lake. Panali akazi a abusa. Panali mphunzitsi wa masamu wa kusekondale. Panali mayi wa chigayo amene sayankhulana ndi mbale wake chaka chachitatu, ndipo mbale wakeyo analinso pomwepo. Panali akazi a Gwedeza. Ena anali a imvi, ena atsikana oti ukawaona sungaganize. Aliyense poona mnzake anadziwa chimene sankachidziwa, ndipo palibe anapatsa mnzake moni.

Inali ntchito yoipa, tisanamizane. Anayamba n'kuzula bango, mizu yake ikudula magolovesi. Matope anali akuda, olemera, onunkha mpaka m'kamwa. Majombo ankatsalira m'thope, munthu n'kugwa chagada. Ena anasanza. Mphunzitsi uja anakomoka tsiku lachiwiri, anamuthira madzi, n'kudzuka kubwereranso. Matope a pamwamba, a zaka zisanu ndi ziwiri, ankawasenza pamutu m'mabeseni n'kukawakhuthula kumtunda. Panalibe nyimbo, ngakhale kuti amayi a ku Mtsekwe sagwira ntchito ya gulu popanda nyimbo. Nthawi zina onse ankaima pamodzi popanda wowauza, makutu ali tcheru, kenaka n'kuweramanso.

Tsiku lachinayi anafika pa dothi lakale la dambo, lotuwa, losalala. Anagama, amene anawanyamula pampando n'kuwakhazika pamtumbira, anakweza ndodo.

"Basi mabeseni. Tsopano aliyense atenge wake."

Simunapezeke fupa ngakhale limodzi. Ana otere alibe mafupa oti n'kudikira zaka. Munali dothi lokha. Koma Anagama ankaloza ndi ndodo, apa, apo, paja, akutchula mayi osati mwana, ndipo pamene iwo sanaikepo okha, panapezeka wina wokumbukira. Mayi ankagwada, kutapa dothi lodzaza manja awiri kanayi kapena kasanu, kuliika m'thumba la feteleza, kulikulunga m'chitenje, n'kukwera nalo kumtunda, kumene anzake anali atakumba timaenje tosaya ndi timitengo. Amene amayi awo anamwalira kapena anasamuka, anatengedwa ndi azakhali awo, kapena ndi aliyense amene manja ake anali opanda kanthu.

Pakona ya kum'mawa mtsikana wina anagwada kuti atape, Anagama n'kumukalipira.

"Apo siya! Mwini wake abwera yekha."

M'mawa mwake Felesiya atatsegula loko anapeza pakonapo pali kadzenje. M'mbali mwake munali mizere ya zala zazitali, zopanda magolovesi. Kumtunda kunali kamtumbira kamodzi kowonjezera pa timene anasiya dzulo lake, kosalazidwa bwino kuposa tonse. Sanauze munthu. Anagama atafika anayang'ana pakonapo, n'kupempha madzi akumwa.

Felesiya anadziika kumapeto. Ankati ndi chifukwa cha ntchito: kugawa magolovesi, kusungunula kolorini, kuyang'ana damu lachiwiri limene linali litafika m'milomo. Tsiku lachisanu ndi chimodzi mitambo inayamba kuunjikana kumapiri, mphepo ikununkha mvula ya kutali. A Gwedeza anaima kumsewu, kumbuyo atalozetsa kudambo, n'kutuma akazi awo kudzanena kuti dzuwa likapendeka atsegula paipi. Bango latsopano linali litadzalidwa kale mbali zonse, kupatula kachigawo kamodzi pakati.

"Iwe Felesiya," anaitana Anagama. "Ukudikira kuti ndife kaye?"

Felesiya analowa. Ndodo inaloza, iye n'kugwada. Dothi linali lozizira m'magolovesi. Anatapa kanayi, n'kuima, n'kutapanso kachisanu poopa kusiya kanthu. Zaka makumi atatu zapitazo, m'kanyumba ka Anagama, anamutembenuzira nkhope kukhoma, n'kumuuza kuti asayang'ane ndipo asalire. Anangomva nsalu ikung'ambidwa, ndi mapazi akutuluka. Sanamugwire ngakhale chala.

Amayi ena onse ananyamula mitolo yawo m'manja. Felesiya anawerama, n'kuika wake kumsana, n'kukokera chitenje pansi pa mkhwapa, n'kumanga mfundo pachifuwa. Palibe anamuletsa.

Kuchokera m'damu kufika kumtunda ndi mtunda waufupi, woti munthu angaponye mwala. Felesiya anayenda pang'onopang'ono. Pa sitepe zoyamba mtolowo unali dothi, lolemera ndi lozizira, likumunyowetsa bulauzi. Atakwera mtumbira anamva kuti pamsana pake payamba kufunda. Anati ndi thukuta. Atadutsa damu lachiwiri, kulemera kuja kunasendera kokha, n'kukhazikika pakati pa mapewa, monga mmene mutu waung'ono umapezera malo ake. Dzanja lake linapita lokha kumbuyo, n'kuyamba kusisita pansi pa mtolowo.

Anafika pa kadzenje kake n'kuima. Amayi anali atazungulira, matope mpaka m'zigongono, maso ofiira ndi kutopa. Kumsewu a Gwedeza anaimba belu la njinga kawiri, kukumbutsa za paipi. Dontho loyamba la mvula linagwa pa beseni la wina, n'kulira.

"Tsitsa, mwanawe," anatero Anagama, ndipo ulendo uno sanakalipe. "Madzi akudikira."

"Auzeni atsegule, m'damumo mulibenso munthu," anayankha Felesiya motsitsa mawu, akugwedezeka uku ndi uku. "Koma ine mundidikire pang'ono, mayi. Wangogona kumene."